Kodi cimene ndataya cikadali canga?

Ndakhala ndikuulutsa mawu pa wayilesi ya m'dera kwa zaka zoposa 15. Pa nkhani zimene omvera amaimbira foni, ya zinyalala imatsatana ndi ya mtengo wa feteleza. Wina amati tiratore ya munisipiyu, ija yokoka ngolo, yadutsa pakhomo pake osaima. Wina amati yanyamula matumba awiri n'kusiya mulu wa zidutswa za njerwa. Wina amati anadula nthambi za mtengo wa mango, anaziunjika pamsewu, ndipo zauma pomwepo. Kwa nthawi yaitali onsewa ndinkawayankha mofanana: "Mwanena zoona. Msonkho wa zinyalala timalipira, ndiye anyamule zonse." Ndinkanena ndi mtima wonse, ndipo omvera ankandiyamikira nazo.

Caka cina titatha kukolola ndinasesa m'kacipinda komwe timasungamo zipangizo za kumunda. Ndinatenga thumba la feteleza lopanda kanthu n'kuponyamo ciliconse comwe cinandinyansa: makoko a mbatata, phulusa, nsapato yakutha, mabatire otha mphamvu, galasi losweka la pazenera, ndi botolo la mankhwala opopera matimati lomwe munali mutatsala pang'ono. Ndinamanga thumbalo ndi luzi, ndinakaliika pamsewu, ndipo pobwerera m'nyumba ndinadzimva kuti ndine munthu waukhondo.

Patapita sabata ndinamva "Odi!" m'mawa. Anali bambo acikulire, mmodzi mwa anthu okweza zinyalala m'ngolo. Dzanja lawo lamanja linali lomangidwa ndi nsalu, ndipo kudzanja linalo ananyamula kanthu kokulunga m'pepala.

"Pepani bambo, ndakulawirirani. Ici ndakubweretserani, n'canu."

Nditamasula ndinapeza botolo lija. Ndinati, "Madala, cimeneci ndinataya."

"Inde munataya," anatero, "koma munatayira pamsana panga."

Anandifotokozera kuti pokweza thumbalo paphewa, galasi linaboola thumba n'kuwaceka dzanja, citsekero ca botolo cinacoka, mankhwala anayenderera pamsana. Usiku wake anamva cizungulire ndipo anasanza, mawa lake anapita kucipatala, ndipo anajomba kunchito masiku awiri. Sanakalipe ndipo sanapemphe ndalama. Potsanzika anati, "Mawu anu ndimawamva pa wayilesi. Mumati tinyamule zonse. Ndiye ndinati ndibwere mudzaone zonsezo mmene zimakhalira."

Kucokera tsiku limenelo ndakhala ndi funso limene ndikufuna tilingalire limodzi, abale anga a m'midzi ya m'malire. Kodi zinyalala zimene boma la m'dera liyenera kunyamula ndi ziti? Poyamba funsoli limaoneka la mu ofesi, loyenera anthu a mapepala ndi zidindo. Koma pansi pake pagona funso lina lokhudza aliyense, kaya kwawo kumafika tiratore kaya ayi: cinthu ndikacitaya, kodi casiya kukhala canga?

Tiyambe ndi zimene lamulo limanena. Dziko lathu lili ndi Decreto 94/2014, lamulo lokhudza zimene pa Cipwitikizi amati resíduos sólidos urbanos, kutanthauza zinyalala zolimba za m'mizinda. Mawu aliwonse pamenepa ali ndi nchito yake. Zolimba, ndiye kuti madzi oipa ndi utsi sizili m'gulumo. Za m'mizinda, ndiye kuti zocokera m'nyumba za anthu ndi m'malo a malonda: zotsala za cakudya, mapepala ndi makatoni, mapulasitiki, magalasi, zitini, nsanza, ndi zosesedwa mumsika. Lamuloli limafuna kuti mitundu imeneyi ipatulidwe, ndipo nchito yoiyang'anira inaperekedwa kwa makhonsolo a munisipiyu ndi kwa maboma a m'madisitiritu. Zinyalala zoopsa, monga mankhwala a poizoni, zili ndi lamulo lakelake, Decreto 83/2014. Za kucipatala, monga singano ndi thonje la magazi, zilinso ndi lake, Decreto 8/2003. Pamwamba pa izi, munisipiyu aliyense amakhala ndi malamulo ake ochedwa postura, onena masiku onyamula, malo oikapo, ndi zimene mwini wake ayenera kudzicotsera yekha. M'mizinda yambiri zigumukire za nyumba ndi nthambi zikuluzikulu zimagwera pamenepa.

Conco m'thumba langa lija munali zinthu za malamulo awiri osiyana. Makoko ndi phulusa zinali zoyenera ngolo. Galasi linali loyenera ngolo, koma lokulungidwa bwino ndi loikidwa poonekera. Botolo la mankhwala silinayenere kukweramo n'komwe. Ine ndinaziphatikiza zonse pansi pa dzina limodzi lakuti zinyalala, n'kumanga kukamwa.

Dzina limeneli ndi lonyenga. Timalichula ngati kuti pali mtundu wa zinthu zimene zinalengedwa kukhala zinyalala, pamene kwenikweni ndife amene timacipatsa cinthu dzinali tsiku limene tatopa naco. Botolo la zakumwa limene mnyamata waponya pa siteji ya basi, mayi wogulitsa mafuta ophikira amalitola, amalitsuka, n'kuliyesa muyeso wake. Tayala lakutha ena amadulamo nsapato ndi mphira zomangira katundu panjinga. Citsulo cadzimbiri cili ndi ogula ake oyenda ndi sikelo. Cinthuco sicisintha, cimene cimasintha ndi mtima wa mwini wake. Ndipo ngati ndine amene ndimapereka dzina, ndiye kuti mlandu wa cimene ndacipatsa dzinalo sungandicoke cifukwa cakuti ndaciika kunja kwa mpanda.

Makolo athu analibe vuto limeneli, ndipo sikuti anali oyera mtima kuposa ife. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali dzala. Agogo anga ankatayako zonse popanda kusankha, ndipo palibe amene anavulala nazo, pakuti zambiri zinali zitapeza kale nchito zisanafike kumeneko. Madeya ankapita kwa nkhumba ndi nkhuku. Zitsononkho zinkalowa pamoto. Phulusa lina ankacezera cidulo ca thelere. Ndowe zinkapita kudimba. Cotsala, monga makoko, masamba osesedwa pabwalo, dengu lothyoka, mphasa yakutha, cinkawola ndi mvula imodzi kapena ziwiri. Pambuyo pake padzala pankamera maungu onona kuposa a kumunda, ndipo nthoci zobzalidwa pamenepo zinkabereka mikoko yolemera. Ngakhale phale la mbiya yosweka linkakhala cokazingira cimanga kapena comwera nkhuku. Nthaka inkalandira zonse cifukwa zonse zinacokera kwa iyo. Munthu akati "ndataya," ankanena zoona, popeza caka camawa cinthuco sicinkapezekanso.

Ife tinatengera cizolowezi ca dzala, koma katundu wathu ndi wina. Pa msika uliwonse wa m'malire, kaya ku Zóbuè, ku Calómuè kapena ku Milange, munthu amabwerako ndi majumbo asanu pa zinthu zisanu. Tili ndi matewera otaya a ana, mabatire a tochi, mabatire akuluakulu a sola okhala ndi mtovu ndi asidi, mafoni akufa, mabotolo a mankhwala a kacewere, kabici ndi fodya. Zimenezi nthaka siizidziwa. Jumbo mukaikwirira lero, mdzukulu wanu adzaifukula ndi khasu. Opha mbuzi ndi ng'ombe amadziwa mitolo ya mapulasitiki imene amaipeza m'mimba mwa ziweto zoonda. Tikaziwocha, utsi wake umalowa m'cifuwa ca mwana wa pakhomo loyandikana. Mu 2015 dziko lathu ndi Malawi onse anakhazikitsa malamulo oletsa majumbo opyapyala kwambiri, koma mphepo ya mwezi wa Ogasiti imawanyamulabe kucoka mbali ino kupita mbali inayo popanda kuonetsa cikalata. Akuluakulu anati mlandu suwola. Masiku ano tili ndi zinyalala zofanana ndi mlandu.

Ndiye kutaya kwa lero kuli ngati kupatsira. Nthawi zonse pali wina wolandira: wokweza m'ngolo, mayi wotunga madzi kumunsi kwa mtsinje, mwana wotola botolo kuti apangire galimoto yoseweretsa, mbuzi ya mnansi. Ndikayang'ana conco mndandanda wa zimene munisipiyu amanyamula, ndimauona mwatsopano. Ndi pangano lonena zimene munthu angapatsire mnzake m'thumba lomanga, mnzakeyo n'kulisenza osaopa. Cimene cili kunja kwa mndandanda cimatsala m'manja mwa amene anacigula ndi kucigwiritsa nchito, kufikira atacipezera njira yosavulaza munthu.

Ndikudziwa zimene ena anene, cifukwa inenso ndinkanena zomwezo. Adzati, "Ndimalipira." N'zoona. M'mizinda yambiri, wogula magetsi a Credelec amaona pa risiti yake msonkho wa wayilesi ndi msonkho wa zinyalala, ndipo palibe amene amamufunsa ngati akufuna. Munthu wolipira ali ndi ufulu wofunsa cimene walipirira. Koma tiganize cimene msonkhowo umagula. Ngolo ndi imodzi, mafuta ndi owerengeka, misewu ndi yambiri. Ndalama zimene tonse timasonkha ndi za katundu amene tonse timatulutsa tsiku ndi tsiku. Ine ndikagwetsa khoma la nyumba yanga n'kuunjika njerwa pamsewu, ngolo idzadzaza pakhomo panga pokha, ndipo mayi wamasiye wa kumapeto kwa msewu, amene analipira ngati ine, adzatsala ndi thumba lake likununkha sabata ina. Womanga nyumba ndi amene ali ndi ndalama. Kufuna kuti zigumukire zake zinyamulidwe ndi msonkho wa onse ndi kusenzetsa osauka katundu wa olemera. Ndipo palibe msonkho umene ungagule dzanja la munthu. Mametikali amene ndinalipira sanandipatse cilolezo cothira poizoni pamsana pa bambo aja.

Komabe pangano lili ndi mbali ziwiri, ndipo ndikanama ndikanena kuti mlandu wonse uli kwa ife okhala m'nyumba. Mndandanda womwewo ukhoza kusanduka pobisalira. N'kosavuta kwa wa mu ofesi kunena kuti "izi si zathu" n'kutseka citseko. Koma munthu amene wauzidwa kuti batire lake la sola silikwera m'ngolo, osauzidwa kumene angalipititse, adzaliponya mumtsinje usiku. Wokana kunyamula ali ndi udindo wolozera njira. Ali ndi udindo wolengeza mndandandawo m'cinenero cimene anthu amamva, pa wayilesi, m'misika ndi m'machalichi, pakuti lamulo lolembedwa m'Cipwitikizi cokha n'kusungidwa m'kabati silingaweruze mayi amene sanalimvepo. Ali ndi udindo wopatsa anchito ake magolovesi ndi nsapato zolimba. Nawonso ogulitsa ali ndi gawo lawo. Amene amabweretsa mankhwala ndi mabatire m'sitolo mwake, n'kudya phindu lake, sayenera kudabwa tikamufunsa kumene cikombole cake cipite cikatha.

Palinso cina cimene tiyenera kukumbukira: ngakhale zimene ngolo yanyamula mwalamulo sizisowa. Zimangopita kumene ife sitiona. Ku Maputo kuli dzala lalikulu la Hulene, limene lalandira zinyalala za mzindawo kwa zaka makumi angapo mpaka linasanduka phiri. Anthu osauka anamanga nyumba m'mphepete mwake, ndipo ambiri ankadya za kutola mapulasitiki, zitsulo ndi mabotolo pamenepo. Pa 19 Febuluwale 2018, mvula yamphamvu itagwa usiku, mbali ina ya phirilo inagumuka n'kukwirira nyumba anthu ali mtulo. Anthu osacepera 16 anafa. Zimene zinawakwirira zinali zinyalala zovomerezeka, zonyamulidwa ndi magalimoto oyenera, zolipiridwa msonkho. Thumba lililonse m'phiri limenelo linali ndi mwini wake amene tsiku lina anabwerera m'nyumba akudzimva waukhondo monga ndinacitira ine. Sindikunena kuti anthu a ku Maputo anapha anzawo. Ndikunena kuti mawu akuti "zanyamulidwa" sakutanthauza kuti nkhani yatha, ndipo munthu wocepetsa zimene amatulutsa amacepetsako phiri limene wina akugona pansi pake.

Tsopano ndibwere kwa inu a kumudzi, amene mwina mukuti nkhani ya tiratore siikukukhudzani. Maboma a munisipiyu anayamba ndi masankho a 1998, ndipo panthawiyo analipo 33. Milange ndi Metangula anali m'gulu loyambalo, Ulónguè inalowa mu 2008, Mandimba mu 2013. Koma kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse m'dziko muno amakhala kumidzi. Kumeneko kulibe ngolo, kulibe tsiku lonyamula. Akuluakulu akamawerenga zinyalala zimene zanyamulidwa, amawerenga zimene zakwera m'galimoto. Thewera lotayidwa m'chire kuseri kwa mudzi wanu silinalembedwe m'buku lililonse. Koma nchenche imene yatera pamenepo siifunsa ngati mudziwo ndi munisipiyu isanatere pa nsima.

Apa pali cosalungama cimene tiyenera kucichula. Katundu wa m'tauni anafika kumudzi, koma njira ya m'tauni yocotsera zotsala zake sinafike. Lole yobweretsa zakumwa, majumbo ndi mankhwala imadziwa njira ya kumudzi uliwonse, ndipo imabwerera yopanda kanthu. Mafumu ndi makomiti a citukuko ali ndi cifukwa comveka cofunsira ku boma la disitiritu za misika ikuluikulu ya m'malire, pakuti lamulo lija linachulanso maboma a m'madisitiritu. Koma podikira yankho, mudzi uli ndi mwayi umene tauni ilibe. Kumudzi wolandira zimene mwataya mumamudziwa dzina. Ndi mlamu wanu amene dimba lake lili kumunsi kwa lanu, ndi mdzukulu wa mnansi wanu. M'tauni ndinafunika kuti munthu agogode pakhomo panga ndi dzanja lomanga kuti ndidziwe kuti thumba langa lili ndi wolisenza. Inu simufunika kuuzidwa.

Zocita zake si zacilendo. Dzala libwerere ku nchito yake yakale, yolandira zowola zokha, kuti lizitipatsa manyowa. Zosawola zikhale pazokha. Galasi ndi malezala zikulungidwe kapena zikwiriridwe mozama pamalo amodzi odziwika, kutali ndi munda ndi posewerera ana. Botolo la mankhwala a mbewu, alangizi a zaulimi amatiphunzitsa kulitsukuluza katatu, madziwo n'kuwathira m'pampu yopopera, kenako kuliboola kuti wina asadzasungiremo madzi, mcere kapena mafuta. Lisatsukidwe kumtsinje kapena pacitsime. Mankhwala a kucipatala otsala ndi singano zibwezedwe kucipatala. Batire la sola lisaswedwe pakhomo, ndipo asidi wake asathiridwe pansi pomwe nkhuku zimapalasa. Popita kumsika, dengu ndi nsalu zija amayi athu ankanyamula zikadagwirabe nchito. Cinthu cimene sicinalowe m'nyumba sicifuna ngolo.

Bambo aja ndinawapepesa, ndipo ndinawabwezera ndalama za masiku awiri amene anajomba, ngakhale anakana kawiri asanalandire. Patapita milungu ingapo ndinawaitana ku wayilesi. Anakhala kutsogolo kwa maikolofoni atavula cipewa, ndipo anafotokoza zimene amapeza m'matumba: singano, makala amoto obisika m'phulusa, mwana wa galu wakufa, mipeni yothyoka. Anapempha cinthu cimodzi cokha, kuti cakuthwa ciziikidwa padera pomwe maso angacione. Tsiku limenelo mafoni sanalire kwambiri monga amacitira tikamadzudzula akuluakulu.

Pakhomo panga tsopano pali citini ca penti comwe ndimasungamo mabatire otha. Catsala pang'ono kudzaza, ndipo m'vila mwathu mulibe malo olandirira zotere. Mwezi uliwonse ndimafunsa funsoli pa wayilesi kwa oyenera kuyankha, ndipo ndidzafunsabe. Pakadali pano citinico cili pa alumali, pamwamba pomwe ana safika, cifukwa mabatirewo ndinagula ndine, nyimbo zake ndinamvera ndine, ndipo akadali anga.

Omvera akaimba masiku ano kuti tiratore yasiya katundu wawo, ndimawamvetsera mpaka amalize, pakuti nthawi zambiri dandaulo lawo ndi loona ndipo ndimalipititsa kumene liyenera kupita. Koma ndisanatero ndimayamba ndafunsa kuti, "Pepani mayi, pepani bambo, m'thumbamo munaikamo ciyani?"